Ndalama Zolipira Antchito m'Masitolo a Njinga Zamoto, Maboti ndi Makalavani ku America

Tsegulani makope, koma zolembera zikhale kaye pansi. Lero tikambirana za ndalama zimene mwini sitolo amawononga pa antchito ake, ndi mmene ndalamazo zimasinthira zaka zikamapita. Chitsanzo chathu tikachitenga ku United States, m'masitolo ogulitsa njinga zamoto, maboti ndi makalavani. Wina afunsa kuti bwanji osangotenga sitolo ya galimoto wamba. Yankho ndi lakuti munthu amene galimoto yake yopitira kuntchito yafa amayesetsa kugula ina ngakhale zinthu zitathina, koma wofuna boti angathe kudikira zaka zitatu osadwala nazo mutu. Choncho m'masitolo amenewa malonda akakwera amakwereratu, akagwa amagweratu, ndipo zimene ndikufuna muone zimaonekera poyera.

Mu 1997 mayiko a United States, Canada ndi Mexico anayamba kugwiritsa ntchito njira imodzi yoikira mabizinesi m'magulu, yotchedwa NAICS. Gulu lililonse lili ndi nambala yake. Ogulitsa galimoto wamba ali pa 4411. Pa 4412 anaikapo ogulitsa zoyendera zina zonse za injini: njinga zamoto, maboti, tigalimoto ta mawilo anayi toyenda m'tchire, zoyendera pa chipale chofewa, ndiponso ma RV. Ma RV ndi makalavani ndi magalimoto okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati, amene banja limayenda nawo ulendo wautali n'kumagona momwemo. Nthambi ya boma yowerengera za ntchito, Bureau of Labor Statistics, imasunga ziwerengero za gulu limeneli chaka ndi chaka kuyambira cha m'ma 1987. Ziwerengerozo zimanena za maola amene anthu agwira, ndalama zimene alandira, ndi kuchuluka kwa malonda amene atuluka m'manja mwawo.

Chinthu chimodzi muchotse m'mutu tisanapite patali. Kuno kwathu njinga yamoto ndi chida chogwirira ntchito. Wakabaza amadyetsa nayo banja. Ku America njinga yaikulu ya Harley-Davidson ndi chinthu chokondweretsa moyo, chotulutsa Loweruka kukawala dzuwa, ndipo mtengo wake ungafanane ndi wa galimoto yaing'ono. Boti nalo chimodzimodzi, kalavani chimodzimodzi. Ambiri amagula zinthuzi pa ngongole ya zaka zingapo. Ndiye zinthu ziwiri zikasintha, mantha a anthu pa za mawa ndi chiwongoladzanja cha kubanki, sitolo yonse imagwedezeka. Musaiwale zimenezi, tizifuna posachedwapa.

Tsopano, kodi ndalama zolipira antchito n'chiyani? Ambiri mwa inu muyankha kuti ndi malipiro a pamwezi. Mwakhoza theka. Bwana wa ku America akalemba munthu ntchito, pamwamba pa malipiro amapereka msonkho wa mbali yake: 6.2 peresenti ya Social Security, yomwe ndi penshoni ya boma, ndi 1.45 peresenti ya Medicare, thandizo la kuchipatala la okalamba. Kuphatikiza ndi 7.65 peresenti. Palinso inshuwalansi ya ovulala pantchito, imene siichepa pamalo poti anthu amanyamula injini ndi kuyesa njinga pamsewu. Koma katundu wolemera kwambiri ndi inshuwalansi ya kuchipatala. M'dziko limenelo anthu ambiri ogwira ntchito amaipeza kudzera kwa bwana wawo. Chizolowezichi chinazika mizu nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene boma linaletsa kukweza malipiro mwachisawawa ndipo makampani anayamba kukopa antchito ndi inshuwalansi m'malo mwa ndalama. Lamulo la mu 2010, Affordable Care Act, linadzati bizinesi yokhala ndi antchito anthawi zonse 50 kapena kuposerapo iyenera kuipereka, apo ayi ilipire chindapusa. Mukaphatikiza zonsezi, m'makampani omwe si aboma gawo losachepa la ndalama zimene bwana amawononga pa wantchito silioneka m'thumba mwa wantchitoyo pakutha pa mwezi. Ndipo kwa zaka zambiri mtengo wa inshuwalansi ya kuchipatala wakhala ukuthamanga kuposa malipiro. N'chifukwa chake zimatheka kuti makaniko akudandaula kuti malipiro ake aima, bwana nayenso akudandaula kuti antchito akumudyera ndalama, ndipo palibe akunama.

Apa tengani zolembera. Kudziwa ndalama zonse zolipira antchito sikukwanira, chifukwa sitolo yaikulu imalipira zambiri kuposa yaing'ono, ndipo zimenezo sizitiuza kuti ikuyenda bwino ndi iti. Akatswiri a zachuma amagawa ndalamazo ndi kuchuluka kwa malonda. Chotuluka pamenepo amachitcha unit labor cost, ife titi mtengo wa ntchito pa chinthu chimodzi chogulitsidwa. Nambala ya pamwamba ndi ndalama za antchito, ya pansi ndi malonda.

Tiyerekeze sitolo ya njinga zamoto. Manambala awa ndi ongopeka kuti tiwerengere. Ili ndi antchito khumi, ndipo pachaka imawawonongera madola 600,000, msonkho ndi inshuwalansi zili momwemo. Yagulitsa njinga 300. Gawani. Njinga iliyonse yasenza madola 2,000 a ntchito. Chaka chotsatira chuma chasokonekera. Bwana wachotsa anthu awiri, ogulitsa nawo alandira komishoni yochepa, ndalama zonse za antchito zatsika kufika pa madola 480,000. Wapulumutsa gawo limodzi mwa magawo asanu. Koma njinga zatuluka 160 zokha. Gawaninso. Madola 3,000 pa njinga iliyonse. Taonani: palibe amene wakwezedwa malipiro, anthu awiri ali pakhomo, otsalawo akulandira zochepa, koma mtengo wa ntchito pa njinga wakwera ndi theka. Ndiye pabwere chaka cha mwanaalirenji. Bwana walemba anthu ena, wakweza malipiro, akuwononga madola 720,000, ndipo njinga zatuluka 400. Yankho ndi madola 1,800. Aliyense akulandira zambiri, koma mtengo wa ntchito pa njinga watsika.

Amene wamva masamu amenewa wamva pakati penipeni pa phunziro la lero. Mukamva munthu akunena kuti mtengo wa ntchito wakwera, mufunseni kuti yasuntha ndi nambala iti, ya pamwamba kapena ya pansi. Anthu ambiri, ngakhale olemba nyuzi, amathamangira kunena kuti antchito akulandira mopitirira. M'masitolo a gulu lino, kawirikawiri imene imalumphalumpha ndi ya pansi.

Boma la America siliwerenga njinga imodzimodzi monga tachitira ife, chifukwa boti limodzi lalikulu silingafanane ndi kanjinga kamodzi, ndiponso sitolo imagulitsa masipeya, zipewa, majekete ndi ntchito yokonza. Iwo amatenga ndalama za malonda onse, n'kuchotsapo gawo limene labwera chifukwa chongokwera kwa mitengo, kuti patsale kuchuluka kwenikweni kwa malonda. Kenaka amasankha chaka chimodzi n'kuchipatsa 100, zaka zina zonse n'kumaziyeza ndi chimenecho. Mukaona 120, ndiye kuti mtengo wakwera ndi 20 peresenti kuyerekeza ndi chaka chosankhidwacho. Koma nambala ya pamwamba ija imakhala m'madola a chaka chomwecho, osachotsapo kukwera kwa mitengo. Ndiye mzere ukamakwera pang'onopang'ono kwa zaka makumi atatu, gawo lina la kukwerako ndi dola imene yachepa mphamvu basi.

Tiyeni tione zimene zinachitikadi. Mu 1990, nthawi ya Pulezidenti George H. W. Bush, nyumba ya malamulo inaika msonkho wa 10 peresenti pa zinthu za anthu olemera, ndipo unayamba kugwira ntchito mu 1991. Pa maboti, msonkhowo unkagwa pa gawo la mtengo lopitirira madola 100,000. Maganizo anali akuti olemera alipire. Koma chuma chinali chitafooka kale, olemerawo anangosiya kugula, ndipo amene anamva kuwawa ndi opanga maboti ndi ogwira ntchito m'masitolo ake. Mu 1993 msonkho wa pa maboti unachotsedwa.

Chachikulu chinadza pambuyo pake. Mu 2006 mafakitale anatumiza ma RV pafupifupi 390,000 kwa ogulitsa. Mu 2009, mabanki atagwa ndipo anthu ambiri atalandidwa nyumba, anatumiza pafupifupi 165,000 okha, osafika ndi theka lomwe. Harley-Davidson, kampani ya ku Milwaukee yomwe inayamba mu 1903, inatulutsa njinga pafupifupi 349,000 mu 2006, koma mu 2009 zinali pafupifupi 223,000. Dera la Elkhart m'chigawo cha Indiana, kumene kumapangidwa ma RV ambiri a dziko lonselo, linafika poti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ofuna ntchito analibe ntchito. Pulezidenti Barack Obama anapitako mu February 2009, atangolowa kumene m'boma, kukalankhula za mavuto a chuma. Masitolo ambiri anatseka.

Funso loyenera wophunzira wakuthwa ndi ili: malonda akatsika ndi theka, bwanji bwana osachotsa theka la antchito kuti masamu abwerere m'malo? Sangathe, pa zifukwa zooneka. Sitolo yotsegula imafuna munthu pakauntala ya masipeya kaya abwera makasitomala zana kaya khumi. Imafuna wolemba mabuku a ndalama, imafuna wolandira njinga zobwera kudzakonzedwa. Anthu amenewa sungawadule pakati. Koma chifukwa chachikulu ndi makaniko. Makaniko wodziwa bwino injini za kampani imodzi amapangidwa kwa zaka, ndipo kampaniyo imafuna kuti sitolo ikhale ndi anthu amene anapita kumaphunziro ake. Ukamuchotsa lero, mawa apita kukakonza mathirakitala kapena makina oziziritsa m'nyumba, ndipo malonda akadzabwerera sudzamupezanso. Bwana wanzeru amalolera kumusunga ngakhale masiku ena akungosesa m'garaja. Pamenepo nambala ya pamwamba imatsika mochedwa pamene ya pansi yagwa kale.

Palinso china. Anthu akasiya kugula zatsopano, amakonzetsa zakale. Nthawi ya mavuto garaja ndi kauntala ya masipeya ndi zimene zimasunga sitolo, ndipo eni masitolo amawerengera ndithu kuti phindu la mbali ziwirizi likulipira gawo lanji la lendi, magetsi ndi malipiro. Koma kukonza kumadya maola ambiri a manja pa dola iliyonse yolowa kuposa kugulitsa. Wogulitsa mmodzi angatulutse boti la madola masauzande ambiri masana amodzi. Makaniko kuti alowetse ndalama zomwezo agwira miyezi. Sitolo ikatsamira ku garaja, gawo la antchito pa malonda onse limakula, ngakhale palibe waulesi aliyense.

Ndiye kunadza 2020. Mu April chaka chimenecho, mliri wa Covid-19 utatseka dziko, ulova ku America unapitirira 14 peresenti, ndipo aliyense ankayembekeza kuti za 2009 zabweranso. Zinachitika zosiyana. Anthu sakanatha kukwera ndege kapena kugona m'mahotela, boma linawapatsa ndalama zothandizira, chiwongoladzanja chinali pansi zedi. Anathamangira maboti, njinga ndi makalavani, popeza ndi zimene banja likanasangalala nazo kutali ndi anthu ena. Mu 2021 ma RV otumizidwa kwa ogulitsa anapitirira 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo. Katundu ankagulidwa asanatsike n'komwe m'lole, ndipo wogulitsa sankafunika kutsitsa mtengo. Masitolo ankalimbirana antchito, malipiro anakwera.

Phwandolo silinakhalitse. Mu June 2022 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 9.1 peresenti pachaka, ndipo banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inali itayamba kale kukweza chiwongoladzanja, ndipo chinapitirira 5 peresenti mu 2023. Wogula pa ngongole anabwerera m'mbuyo. Mwini sitolo naye anapanikizika, chifukwa katundu woima pabwalo lake amakhala wa ngongole, ndipo tsiku lililonse limene kalavani yaima osagulidwa imabala chiwongoladzanja. Mu 2023 ma RV otumizidwa anatsika kufika pafupifupi 313,000. Koma malipiro amene unakweza mu 2021 sungawatsitse mu 2023 popanda kuthawitsa anthu ako abwino. Malipiro amakwera msanga kuposa mmene amatsikira, ndipo ili ndi phunziro limene eni masitolo amaliphunzira mobwerezabwereza ngati kuti n'latsopano.

Tsopano tilowe m'sitolo momwemo, tione mmene munthu aliyense amalipidwira, chifukwa si onse amalandira mofanana. Wogulitsa wa kutsogolo kawirikawiri amadalira komishoni. Iye ndiye amapepukitsa bwana nthawi ya mavuto, popeza malonda akatsika malipiro ake amatsika okha popanda msonkhano uliwonse. Pali wina wokhala m'kaofesi kapadera, amene ntchito yake ndi kukonzera wogula ngongole ndi kumugulitsa inshuwalansi ndi chitetezo chowonjezera. Kaofesi kameneka n'kakang'ono koma kamalowetsa phindu lalikulu.

Kuseri kuli makaniko, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. M'magaraja ambiri a ku America makaniko salipidwa maola amene wakhala pantchito. Amalipidwa mwa njira yotchedwa flat rate. Pali buku, masiku ano lili mu kompyuta, limene limanena kuti ntchito yakuti imatenga maola akuti. Zili ngati ganyu wa kumunda: mwagwirizana mtengo wa ndime, ukamaliza dzuwa lisanafike pamutu ndi mwayi wako, ukapeza nthaka youma n'kumaliza madzulo ndalama ndi yomweyo. Tiyerekeze kuti buku likuti kusintha kilatchi ndi maola atatu, ndipo makaniko amalandira madola 30 pa ola la m'buku. Akamaliza m'maola awiri, walandira madola 90 ndipo watenga kale njinga ina. Koma taganizani njinga imene yakhala zaka ziwiri m'shedi yonyowa. Waiika pachokwezera, wagwira sipanala, bawuti yoyamba yamasuka, yachiwiri yamasuka, yachitatu yachita dzimbiri. Wathira mafuta omasulira, wadikira, wayesanso, mutu wa bawuti waduka. Tsopano aboole chotsaliracho ndi dirilo mosamala kuti asawononge mazinga a m'kati. Dzuwa lapendeka, maola asanu atha. Malipiro ake ndi madola 90 omwe aja. Ndipo mwezi wa January kukazizira, njinga zikapanda kubwera, akhoza kukhala m'garaja tsiku lonse n'kulemba maola awiri okha.

Mukuona chimene njira imeneyi imachita? Imachotsa chiopsezo pamapewa a bwana n'kuchiika pa makaniko. Mbali yabwino ndi yakuti waluso ndi wachangu angalembe maola ochuluka kuposa amene wakhaladi pantchito. Mbali yoipa ndi yakuti imayesa munthu kuthamanga, kudumpha zina, ndi kukana ntchito zovuta monga kufufuza waya woduka, zimene buku silizilipira mokwanira. Ine ndimaiona ngati njira yokomera sitolo yodzaza ndi ntchito ndi makaniko wazaka zambiri, koma yankhanza kwa mnyamata wongoyamba. Onjezani kuti makaniko wa ku America amagula yekha zida zake. Lole ya kampani ngati Snap-on imazungulira m'magaraja mlungu ndi mlungu, ndipo achinyamata ambiri amayamba ntchito ali kale ndi ngongole ya bokosi la masipanala.

Leba imene kasitomala amalipira ndi nkhani ina. Masiku ano m'masitolo ambiri otere imapitirira madola 100 pa ola, koma makaniko amalandirapo kagawo chabe. Zotsalazo zimalipira nyumba, magetsi, makina, inshuwalansi ndi wolandira makasitomala. Ntchito ya warranty, imene fakitale imalipira chinthu chikawonongeka chikadali chatsopano, ndiye imadandaulitsa kwambiri, chifukwa fakitale ndi imene imanena maola, ndipo amakaniko amati maolawo amakhala ofinyidwa. Pa makalavani vutoli ndi lalikulu, popeza kalavani ndi nyumba yogwedezeka pamsewu: muli mipope ya madzi, gasi wophikira, magetsi a mitundu iwiri, firiji, matabwa ndi denga loti lisadonthe. Wokonza ayenera kukhala pulambala, kalipentala ndi wamagetsi nthawi imodzi. Anthu otere ndi osowa, mpaka makampani a ma RV anatsegula sukulu yawoyawo ku Elkhart, RV Technical Institute, kuti aziwaphunzitsa.

Lamulo nalo lili ndi mbali yake. Fair Labor Standards Act ya mu 1938 ndi imene inabweretsa malipiro otsikitsitsa a dziko lonse, poyamba masenti 25 pa ola, ndi lamulo la ovataimu, loti wogwira maola opitirira 40 pamlungu alandire malipiro ndi theka pa ola lililonse lowonjezera. Malipiro otsikitsitsawo anafika madola 7.25 mu 2009 ndipo akhala pomwepo kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, ngakhale zigawo zina zinaika awo apamwamba. California inafika madola 16 mu 2024. Kwa makaniko waluso nambala imeneyi ilibe kanthu kwenikweni, imakhudza otsuka maboti ndi onyamula katundu. Za ovataimu ndiye zochititsa chidwi. Lamulo limapatula ogulitsa, a masipeya ndi amakaniko a m'masitolo a galimoto, malole ndi makina aulimi, kuti bwana asakakamizidwe kuwalipira ovataimu. Koma likafika pa maboti, ngolo zokokedwa ndi ndege, limatchula ogulitsa okha. Ndiye amakaniko awiri angagwire maola 50 ofanana mlungu umodzi, wina pa galimoto wina pa boti, lamulo la dziko n'kuwaona mosiyana. Nkhani ya kupatulaku inafika mpaka ku khoti lalikulu. Mu 2018, pa mlandu wa Encino Motorcars ndi Navarro, wochokera ku sitolo ya Mercedes-Benz ku California, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti olandira magalimoto odzakonzedwa nawonso ali m'gulu losalandira ovataimu. Mawu ochepa a m'lamulo, ndalama zambirimbiri.

Pali kukwera ndi kugwa kwa chaka ndi chaka kumene taona, koma pansi pake pali mafunde ena oyenda pang'onopang'ono. Kutsogolo kwa sitolo, makompyuta ndi intaneti zachepetsa ntchito. Wogula amabwera atawerenga kale zonse ndi kuyerekeza mitengo, mafomu a ngongole amadzazidwa m'mphindi zochepa, masipeya amawerengedwa ndi makina. Masitolo ang'onoang'ono a mabanja akhala akugulidwa ndi makampani aakulu monga Camping World pa makalavani ndi MarineMax pa maboti, ndipo kampani yokhala ndi masitolo ambiri imalemba mabuku a onsewo mu ofesi imodzi. Zonsezi zimachititsa kuti wantchito mmodzi atulutse malonda ambiri kuposa kale, ndipo zimakokera mtengo wa ntchito pansi.

Kuseri, m'garaja, zinthu zimakokera kwina. Injini zasintha. Pofika 2007 njinga zonse zatsopano za Harley-Davidson zinali zitasiya kabureta, mafuta akuperekedwa ndi kompyuta. Malamulo oteteza mpweya, amene anayamba kugwira injini za maboti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anakankha opanga monga Mercury ndi Yamaha kusiya injini zakale zofuka utsi. Makaniko wa lero amayamba ndi kulumikiza laputopu asanagwire sipanala. Amafunika maphunziro ambiri, choncho ayenera kulipidwa bwino. Koma kusintha tayala kapena kumasula injini kumafunabe manja awiri ndi nthawi yake.

Akatswiri awiri a zachuma, William Baumol ndi William Bowen, anafotokoza vuto lotereli mu 1966 pofufuza za oimba ndi ochita zisudzo. Anaona kuti nyimbo yolembedwera oimba anayi imafunabe anthu anayi ndi mphindi zomwezo monga zaka mazana awiri zapitazo, koma malipiro a oimbawo ayenera kukwera, apo ayi onse athawira ku ntchito zina kumene makina achulukitsa zotuluka ndipo malipiro akwera. Garaja ili pafupi ndi oimba aja kuposa ndi fakitale. Makaniko wa njinga akapanda kukwezedwa, kampani ya malole kapena ya magetsi imutenga, ndiye leba imakwerabe ngakhale ola lake silikutulutsa zambiri kuposa la bambo ake. N'chifukwa chake ku America kukonzetsa chinthu kumanka kukudula poyerekeza ndi kugula chatsopano, ndipo masitolo ena amakana n'komwe kulandira njinga zakale kwambiri, poopa kuti leba ipitirira mtengo wa njingayo ndipo mwini wake sadzabweranso kudzaitenga.

Za nyengo ndingonena mwachidule. Ku zigawo za kumpoto monga Minnesota ndi Wisconsin nyanja zimaundana m'nyengo yozizira, ndipo palibe woyendetsa boti kapena njinga. Kuti antchito asangokhala, masitolo amagulitsa zoyendera pa chipale chofewa, amasungira anthu maboti ndi njinga polipiritsa, ndipo amakopa makasitomala kuti ntchito zikuluzikulu azibweretsa miyezi imeneyo. Sitolo ya ku Florida ilibe vuto limeneli pamlingo womwewo. Ndiye chiwerengero chimodzi cha dziko lonse chimaphimba masitolo amene moyo wawo ndi wosiyana kutalitali, ndipo wochiwerenga asaganize kuti chikunena za sitolo iliyonse.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi, lembani. Sitolo ya maboti yawononga madola 900,000 pa antchito m'chaka choyamba, ndipo yagulitsa maboti 150. Chaka chachiwiri antchito ndi omwewo, koma ndalama zowalipira zakwera ndi 10 peresenti, ndipo maboti ogulitsidwa ndi 180. Chaka chachitatu malipiro sanasinthe, maboti ogulitsidwa ndi 110. Pezani mtengo wa ntchito pa boti limodzi m'chaka chilichonse, kenaka chaka choyamba muchipatse 100 n'kuwerengera zaka ziwiri zinazo. Pansi pake mulembe ndime imodzi yoyankha mwini sitoloyo, amene m'chaka chachitatu akuuza aliyense kuti chamugwetsa ndi kukweza malipiro kwa chaka chachiwiri kuja. Makope ndiwafuna Lolemba m'mawa, belu loyamba lisanalire.